Sikelo ya Mlamu

Bilali anayamba nkhonya ndi thumba la mchenga. Analipachika mumtengo wa mango kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa ku Senga Bay, n'kumalisasantha mpaka zala kusupuka. Anali ndi zaka 16, mapewa atatambasuka kale chifukwa cha nkhafi. Anthu ankangomuseka. Amene sanaseke ndi a Anderson, msilikali wopuma pantchito, omwe tsiku lina anaimika njinga yawo n'kumuyang'anitsitsa.

"Iwe, ukumenya ngati ukupha ng'ona. Bisa chibwanocho! Mawa ubwere kwathu."

Kuyambira pomwepo a Anderson anakhala kochi wake. Bilali anamenya m'maholo a pa boma, magolovesi obwerekana anthu anayi, mphoto yake sopo ndi ndowa yapulasitiki. Kenako analowa nkhonya zolipidwa. Anamenya ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Blantyre, ndipo mwa nkhonya 19 anagonja kawiri kokha. Koma a m'tauni, omwe ali ndi owalankhulira, ankangomenya kasanu basi n'kupatsidwa mwayi wolimbirana lamba. Iye wa kunyanja ankangouzidwa kuti adikire. Anadikira mpaka anakwanitsa zaka 30, maondo atayamba kulira.

Ndiye foni inabwera. Lamba wa dziko lonse analibe mwini, ndipo Bilali akalimbirana ndi Prince wa ku Lilongwe. Lamulo linali limodzi: tsiku lokwera sikelo asapitirire makilogalamu 63 ndi theka.

Sikelo a Anderson analibe. Koma mlamu wake wa Bilali, Macdonald, mwamuna wa mchemwali wake Hasina, anali venda wogula mpunga pamsika, ndipo sikelo yake inkalendewera pamtanda kutsogolo kwa shedi. M'mawa uliwonse akamaliza kuthamanga mumchenga, Bilali ankafika pamenepo, kugwira ngowe ndi manja awiri, n'kupinda miyendo kuti alendewere ngati thumba. Amayi odikira kugulitsa mpunga ankafa nacho chiseko.

"Alamu, kilombero ameneyu mugula bwanji?" iye ankatero.

"Wamiyala uyu, ngakhale ulere sindingatenge," Macdonald ankayankha, maso ali kumbali.

Muvi wa sikelo unayambira pa 68. Bilali anasiya chipisi, anasiya tiyi wa shuga, nkhomaliro yake inali chambo chowotcha ndi masamba. Muvi unatsika mpaka unakhazikika pa 63.

"Alhamdulillah!" anafuula. "Alamu, lamba ameneyu mudzayamba ndinu kumugwira."

Macdonald anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana amayi aja, n'kutsekanso.

Ku Lilongwe sikelo inali yoponda, ya manambala owala. Bilali anakwera atavala kabudula yekha, akumwetulira atolankhani. Inalemba 67.

"Yawonongeka imeneyi," anatero. "Mwaikonza kuti mukondere mwana wanu!"

Mkulu woyeza sanakwiye n'komwe. Anaikapo chitsulo cha makilogalamu khumi, sikelo inalemba khumi. Anakweza Prince, inalemba 63.

"Achimwene, muli ndi maola awiri. Kachotseni makilogalamu owonjezerawo."

A Anderson anamuveka majumbo akuda mkati mwa juzi. Anathamanga padzuwa la Okutobala mozungulira malo oimikapo magalimoto, akulavula mpaka malovu kuuma, maso kuchita mdima. Atakweranso, inalemba 65 ndi theka. Chigamulo chinali chakuti nkhonya ichitika ndithu, poti matikiti anagulidwa kale, koma Bilali ngakhale apambane, lamba sakhudza.

Mawa lake masana anamenya ngati munthu woferedwa. Mu raundi yachinayi anamva fupa la dzanja lamanja likuthyoka pachipumi cha Prince, koma sanauze munthu. Mu raundi yachisanu ndi chiwiri anamupeza ndi lamanzere pansi pa nthiti. Prince anagwada, woimbira anawerenga mpaka khumi, holo yonse inaimirira. Bilali anakwezedwa mkono. Ali chikwezedwere choncho, anaona ndi maso ake bambo wina wa tayi akupinda lamba uja n'kumubwezera m'chikwama, zipi n'kutseka.

Dokotala ataona chithunzi cha dzanjalo anapukusa mutu. Anati likapola adzatha kupalasa bwato, koma za magolovesi aiwale.

Anakwera minibasi yobwerera ku Salima. Atadutsa mphambano ya ku Chitala, a Anderson anati motsitsa mawu, "Mlandu ndi wanga, mwana wanga. Munthu wamkulu ngati ine, kukhulupirira sikelo ya venda!"

Bilali sanapite kunyumba. Anatsika kabaza pamsika, dzanja lili mu pulasitala, diso limodzi litatupa. Pashedi panali mzere wa amayi ndi matumba awo. Macdonald atamuona anadzuka msangamsanga.

"Alamu! Tinamva pawailesi, munam'gwetsa mnyamata uja..."

"Imadya angati?"

"Chiyani?"

"Sikelo yanuyi. Imadya makilogalamu angati?"

Macdonald anamukokera pambali. "Alamu, musandiyalutse. Mavenda tonse timaibweza pang'ono, apo ayi sungapeze kanthu. Ndikanakuuzani bwanji anthu ali pomwepo? Ndinkati kumeneko sakaunika kwambiri."

"Masabata asanu ndi limodzi ndikulendewera apa ngati mbuzi yosenda, inu mukundiwerengera bodza?"

"Mchemwali wanu amadya za sikelo yomweyi."

Dzanja lamanzere la Bilali linadzikunga lokha. Chibwano cha Macdonald chinali poyera, chosabisa, pafupi kwambiri. Anaganiza za Hasina ndi ana ake atatu, chibakera chija n'kumasuka. M'malo mwake anapita pamtanda paja, nagwira ngowe ndi dzanja limodzi, n'kulendewera. Muvi unayendayenda, n'kuima pa 63.

"Amayi inu, taonani!" anakuwa, mawu atasasa. "Sikelo yoona ikuti ndine 67. Iyi ikuti 63. Thumba lililonse mumabwera nalo pano, munthu uyu amakuberani!"

Ankayembekeza phokoso. Ankayembekeza kuti anyamula matumba awo, mwina kugwetsa shediyo kumene. Koma amayiwo anangoyang'ana pansi. Mmodzi wachikulire, mayi Rosemary, amene ankaseka kwambiri masiku aja, anakonza chitenje chawo n'kuusa moyo.

"Timadziwa, bambo. Tonse timadziwa. Ya venda wa uko imadya asanu, bola iyi."

"Mumadziwa? Nanga osandiuza bwanji?"

"Ife tinkayesa mukudziwa. Si alamu anu?"

Bilali anasiya ngowe ija. Muvi unabwerera, osaima pa ziro, koma kumbuyo kwake, pomwe unkaima masiku onse iye osaona.

Mayi Rosemary anakoka thumba lawo kufika nalo pamapazi ake.

"Tapatukani pang'ono, bambo, tiyezetse. Dzuwa lakwera."

Iye anapatuka.