Kalata ya Antchito a M'magolosale

Chrissy Namaona anagwira ntchito m'golosale ya a Frackson pa Mbombwe zaka zisanu ndi zinayi. Ankadziwa wogula shuga wa paketi ndi wopempha woyeza pa kapu. Ngakhale Lamlungu ankaima pa kauntala anzake akuimba kwaya kutchalitchi.

Magolosale akuluakulu pamalopo analipo atatu, ndipo eni ake anapangana kalekale kuti mitengo ya mchere ndi mafuta ophikira izifanana, malipiro a antchito azifanana, ndipo wochoka kwa wina asalembedwe kwa mnzake. Antchitowo ataona kuti mabwana ndi ogwirizana, nawonso anapanga kabungwe kawo. Analemba kalata yopempha tsiku limodzi lopuma pa sabata, nasankha Chrissy kuti akaipereke poti ndiye anali wamkulu.

A Frackson anaiwerenga ali chiimire, naipinda, namuuza kuti asiye makiyi azipita.

M'mawa mwake Chrissy anapita kugolosale ya a Halidi, bwenzi la malemu bambo ake. Anamupatsa mpando, namufunsa za ana. Atatchula za ntchito, bambowo anazyolika.

"Mwanangu, ndikakulemba iwe, anzangawa andichotsa pa lole yokaoda katundu ku Limbe. Ndiye kuti ndatseka basi."

Chrissy anagulitsa nkhuku ziwiri nakwera minibasi ya ku Blantyre, ku ofesi yoona za mpikisano pa malonda. Mayi amene anamulandira anamufotokozera kuti lamulo limalola antchito kugwirizana, koma limaletsa eni masitolo kupangana mitengo. Chofunika chinali umboni: pepala, kapena anthu oti akanene poyera.

Pepala panalibe, mabwanawo anangopangana pakamwa. Chrissy anayenda khomo ndi khomo kwa anzake a m'kabungwe kaja. Phyllis analira, nati amuna ake akudwala, sangataye ntchito. Davie sanatuluke n'komwe m'nyumba. Iyeyo ndiye anali atalowa m'malo mwa Chrissy kwa a Frackson.

Patapita miyezi itatu eni magolosale anayamba kupereka tsiku lopuma, poopa kuti nkhaniyo ingamveke patali. Chrissy anazimva ali ku Ndunde kwa achemwali ake, akuthirira mpiru m'dimba la eni. Mwana wake Miriam anali atalekezera sukulu Fomu 3.

Tsiku lina wakabaza anabwera ndi sopo wochokera kwa Phyllis, wopanda uthenga uliwonse. Chrissy anachapira yunifolomu ya Miriam, naiyanika, naipinda bwinobwino, naiika pansi pa sutikesi.