Nyama ya M'mpango

Amuna anga anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo basiyo inawaphunzitsa kudya ngati akuthamangitsidwa. Pa siteji ankaima mphindi khumi zokha. M'menemo asambe m'manja, adye, aimbe hutala. Ndiye ngakhale kunyumba, ine pokhala pansi iwo amakhala akutsuka kale m'kamwa. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. "Tafunani, bambo a ana, palibe akulandeni!" Iwo ankangoseka, mbale ili mbee.

Amuna anga atapuma pa ntchito, mwana wathu wamkazi anatitumiza ku ulendo wa masiku anayi, akuti tikapitidwe mphepo. Tsiku lachiwiri masana tinalowa m'kalesitilanti ka matebulo asanu, kuseri kwa nyumba imene tinkagona. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi. Tebulo lathu linkagwedera, pansi pa mwendo umodzi ataikapo katoni yopinda. Mwini wake, mayi wa epuloni yobiriwira, anatichenjezeratu kuti iye amayamba kuphika mlendo akakhala pansi.

"Sitikuthamangira kulikonse," anatero amuna anga.

Ndinawayang'ana kawiri. Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo.

Chakudya chinabwera patatha ola lathunthu: mpunga, nyama ya ng'ombe, msuzi wambiri. Ndipo abale inu, munthu uja anadya modekha! Ankadula nyama tizidutswa tating'onoting'ono, kutafuna, kumwera madzi, kupukuta pakamwa ndi mpango wawo, n'kuyamba nkhani. Anandikumbutsa za nyumba yathu yoyamba yodontha ija, ndi tsiku limene ndinawagenda ndi nsapato chifukwa choiwala mwana kutchalitchi. Ndinaseka mpaka misozi. Chamumtima ndinkadzitama kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndawagonjetsa mu ukalamba.

Ndinamaliza mbale yanga iwo asanafike ndi pakati pomwe, koyamba m'banja lathu.

"Kodi a dalaivala, mabuleki agwira lero?" ndinawaseka.

Anamwetulira, n'kudzuka kupita kuchimbudzi. Apo m'pamene mwini lesitilanti anabwera, akupotokola epuloni yake.

"Mayi, mundikhululukire. Kodi nyama yanga yalimba? Ndakhala ndikuona ndili uko, abambowa sakumeza. Akungolavulira m'mpango."

Mpangowo anali atausiya pampando. Ndinaufunyulula. Nyama yonse inali momwemo, yotafunidwa bwinobwino.

Ndinakumbukira lamba wawo amene anamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Ndinakumbukira buledi amene masiku ano ankamunyika mu tiyi mpaka kusungunuka, ine n'kumawanena kuti asanduka khanda. Zonsezi zinkachitika pamaso panga, ine wodzitcha wochenjerane. Ndinapsa mtima, koma amene ndinapsera mtima kwambiri ndinali ine ndemwe.

Atabwerako anaona mpango uli patebulo. Anakhala pansi.

"Zinayamba liti?" ndinafunsa.

"Miyezi inayi yapitayo."

"Miyezi inayi! Ndipo kuchipatala osapita?"

"Ndinapita. Tsiku lija ndinati ndikukaona anzanga kudepoti." Anakhudza pakhosi ndi zala ziwiri. "Muli chotupa umu. Adokotala akuti ndinachedwa."

"Ndiye ine ndine ndani wanu? Mumati ndidzamve kwa yani?"

"Ndimati tikabwerera kunyumba. Mwana wavutikira ulendowu. Ndipo inu simunadyepo ndi ine mpaka kumaliza, ndimafuna mulaweko."

Ndinafuna kuwakalipira, kuwagenda ndi nsapato ngati kale lija. Mwini lesitilanti anali atathawira kukhitchini, tinatsala awiri ndi fani ija.

Iwo anakankhira mbale pambali, n'kuyesa kuseka.

"Zaka zonsezi mumati nditafune, mayi a ana. Ndikutafunatu tsopano. Kungoti sizikutsika."

Ndinaitana mayi uja kuti abweretse msuzi wokha m'kapu. Amuna anga anamwa masipuni atatu. Tinakhalabe pomwepo, ine nditagwira sipuni, mpaka msuziwo unazizira.