Selo ya a Yona

Amuna anga, a Yona, anali munthu wosakhazikika. Ntchito yawo inali yotchaja mabatire a wailesi pa Nathenje, koma mutu wawo unali ku mwezi. Zonse zinayamba ndi pepala la magazini limene a Abdulrazak anandikulungiramo sopo kusitolo kwawo. M'pepalamo munalembedwa kuti zombo za Amereka zopita kumwamba zili ndi batire losatha: umalidyetsa mpweya wotchedwa haidrojeni, ilo n'kumatulutsa magetsi ndi madzi. Dzina lake ati selo.

"Mayi a Enifa, tsiku lina galimoto zidzayenda popanda petulo, zigayo popanda dizilo," anatero a Yona. Ine ndinangoti andipatse sopo wanga ndikachape.

Kwa miyezi itatu panyumba panalibe mtendere. Mabotolo anga, timitengo takuda ta m'mabatire akutha a tochi, mawaya, mchere wanga wa ndiwo, zonse zinathera pakhonde. Ankalumikiza batire la galimoto, madzi amchere aja n'kuyamba kuchita thovu, kenako n'kuchotsa batirelo. Lachiwiri lina anandikuwira ndikuyanika zovala. Kababu ka tochi kankayaka popanda batire, kofiira ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Ndinakaona ndi maso angawa, ndipo ndisaname, ndinanyadira.

Choipa n'chakuti analembera kalata mlamu wawo wa ku Joni, kupempha kapulasitiki kopyapyala kamene selo yeniyeni imakhala nako pakati. Kalatayo anapatsira munthu wa ku Mitundu amene ankapita ku Joniko, ndipo munthuyo anaitsegula n'kukaipereka kuchipani. Mawu awiri, selo ndi haidrojeni, anakwanira. Ife haidrojeni tinkaimva pa wailesi pa nkhani za mabomba basi. A Maliro, tcheyamani wa chipani ku Mitunduko, anatumiza uthenga woti Loweruka a Yona apite nacho chinthucho.

Masiku amenewo munthu akaitanidwa chotero, ena sankabwerako. Ine chakudya sichinkalowa, ndinkangotuluka n'kulowa m'nyumba osadziwa chimene ndikufuna. Koma a Yona, chitsiru cha Mulungu, ankapukuta mabotolo akuimba mluzu. "Akakaona kakuyaka akamvetsa," ankatero. Ine ndinkadziwa kuti kakangoyaka, amuna anga apita. Munthu wotulutsa magetsi m'madzi angalephere bomba? Loweruka m'mawa, iwo atapita kukaimitsa lole, ndinakhuthula chigubu chawo cha madzi amchere n'kuthiramo a mumtsuko, opanda mchere.

Ku Mitundu anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ayufi atatu a chipani ataima kumbuyo kwathu. A Yona anathira madzi m'mabotolo, nalumikiza batire, n'kudikira. Thovu silinabwere. Kababu kanangoti zii. Anasinthanitsa mawaya, thukuta lili kamukamu. Kenako anaviika chala m'botolo n'kulawa. Sanandiyang'ane.

"Mayi, inu ndi amene mumakhala nawo," anatero a Maliro. "Chinthuchi chinayakapo?"

"Ayi, bambo. Amangondithera mchere. Mutu wawo suyenda bwino awa."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Maliro anaona makhadi athu a chipani, anang'amba kalata ija, n'kundiuza kuti nditenge wodwala wanga ndizipita.

Lole yobwerera ku Nathenje inachedwa. Tinakhala m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, ine ndikungoimirira n'kukhalanso. A Yona ankangoyang'ana katoni ya mabotolo imene inali pamiyendo pawo.

"Mayi a Enifa," anatero motsitsa mawu, "tsiku lija kanayaka, eti? Kapena ndinalota?"

Mtima unandiwawa koopsa. Koma podikira lolepo panali anthu ena, ndipo mmodzi wa ayufi aja anali chapafupi, akudya nzimbe.

"Munalota, bambo," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono movomereza. Lole itafika anakwera chimanjamanja, katoni ataisiya m'ngalande.