Kiyi Wotayika wa Akapitawo

Galimoto ya kwa mayi a mapasa inali ndi kiyi mmodzi, ndipo kiyiyo anali wolimbikira ntchito kuposa aliyense pabanjapo. M'mawa uliwonse ankalowa m'thumba la amuna awo, Akapitawo, n'kukwera basi ya kampani kupita ku fakitale ya penti. Galimoto inkatsala pabwalo, ikuwothera dzuwa. Kiyi wachiwiri, malinga ndi Akapitawo, adatayika kalekale, chaka chimene banjali linkasamuka.

Zikanakhala zoseketsa pakanapanda achemwali awo a mayi a mapasa, amene adafa ziwalo mbali imodzi ndipo ankayenera kupita kuchipatala sabata iliyonse kukawongoledwa mwendo. Kiyi ankapemphedwa dzulo lake, ndi mawu ofewa, kapu ya tiyi ili m'manja. Akapitawo ankayamba atsokomola kaye, kenako n'kufunsa za mafuta, za matayala, za kamzere kamene akuti adakaona pachitseko. Masiku ena ankaiwala, kiyi n'kukwera basi, achemwali n'kutsala pakhonde atavala kale nsapato. Zimenezi zinkawadya mumtima mayi a mapasa.

"Ndikagula kiyi wangawanga," anatero tsiku lina.

Akapitawo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Pitani, mayi. Anthu a kumeneko akakuphunzitsani kudekha."

Ankadziwa chimene ankanena. Kukampani yogulitsa magalimotoyo pansi pankawala moti munthu n'kudziona mphuno. Panali sofa wofewa, makina a madzi ozizira opanda makapu, ndi wailesi yakanema yoonetsa galimoto ikukwera phiri lomwelomwelo kuyambira m'mawa. Mtsikana wa pakauntala anamwetulira nati, "Takulandirani, mayi, tikuthandizeni bwanji?" Thandizo la tsikulo linathera pomwepo.

Kiyi yekhayo sanavute kupeza, paja kugulitsa sachedwa nako. Wa masipeya anawapatsa kanthu kakuda, ka mabatani atatu, konunkhira upya. Anathamanga nako panja n'kukanikiza. Galimoto ili duu.

"Sanadziwane," anatero wa masipeya. "Mpaka awalumikize Amakompyuta."

Amakompyuta anali makaniko yekhayo wololedwa kugwira laputopu yolumikizira makiyi, ndipo tsikulo anali ku maphunziro. Atabwerako, laputopu inali kunthambi ina. Laputopu itabwera, netiweki inachokapo. Zinkaoneka kuti atatuwa adayambana kalekale ndipo adalumbira kuti sadzakhalanso m'chipinda chimodzi. Choipa n'chakuti ulendo uliwonse unkafuna galimoto, ndipo galimoto inkafuna kiyi wa Akapitawo, ndiye kuti kapu ina ya tiyi ndi chifuwa china.

"Zayenda bwanji kusukulu ya makiyi?" Akapitawo ankafunsa madzulo, akuvula nsapato. "Mayeso mulemba liti?"

Mayi a mapasa ankangowapakulira nsima. Paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Tsiku lina sofa uja anamudutsa osamuyang'ana. Anakankha chitseko cha ogwira ntchito okhaokha, n'kulowa mugalaja momwe, pakati pa majeki ndi fungo la oyilo. Anakhala pamulu wa matayala, natulutsa siketi ya kasitomala wawo n'kuyamba kupinda mpendero, poti iwo ntchito yawo inali ya utelala ndipo inali itaima mokwanira.

Bwana wa tayi anabwera chothamanga. "Mayi, kuno makasitomala saloledwa."

"Ine si kasitomala, mwana wanga. Kasitomala amathandizidwa. Ine ndimabwera kuno pafupipafupi, ndasanduka wachibale. Ndadzacheza."

Amakaniko anabisa nkhope m'maboneti. Ndipo taonani zodabwitsa: Amakompyuta anatulukira, laputopu ili kukhwapa, netiweki nayo inakumbukira kwawo. Analowetsa galimoto, nalumikiza chingwe kunsi kwa chiwongolero.

"Makiyi onse mwabwera nawo, mayi? Galimotoyi ikudziwa awiri."

"Winayo adatayika."

"Ndiye timufufuta. Kuno timatero. Galimoto imaiwala onse, kenako imaphunzira okhawo amene ali pano. Amene adatola wakaleyo atsala ndi chidole."

"Fufutani, bambo."

Ntchito imene inawayendetsa mpaka zidendene kung'aluka inatha mpendero uja usanafike pakati. Anakanikiza batani, magetsi a galimoto anaphethira, ndipo mayi a mapasa anatsala pang'ono kuipatsa moni.

Kunyumba Akapitawo anatambasula dzanja osalankhula, monga mwa masiku onse.

"Ali m'chikwama, onse awiri," anatero mayi a mapasa mokoma. "Mukafuna wanu mungondipempha, ine sindivuta. Likakhala dzulo lake ndiye bwino kwambiri."

Inali nthabwala chabe. Akanangoti "ndipatseni" akanalandira pompo. Koma kukamwa kwa Akapitawo mawu amenewo sikudaphunzire, ndipo anagona ali ndwii.

Mawa lake masana kunali mpira, ndipo anzawo ankawadikira. Mayi a mapasa anali pamakina osokera, pafupi ndi zenera, chikwama chili pamiyendo. Anamva mpando ukukokedwa kuchipinda, kenako phokoso pamwamba pa wodilopu, pamene pankakhala majombo akale a kufakitale. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka pang'onopang'ono. Akapitawo anadutsa monyang'ama, bambo wamkulu ndi mimba yake, naima kumbuyo kwa galimoto. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

Pakiyipo panali kaulusi kofiira. Mayi a mapasa anakazindikira msanga, poti adamangapo ndi iwo omwe, chaka chosamukacho, kuti asasochere m'makatoni.

Akapitawo anakanikiza. Zii. Anakanikizanso ndi zala ziwiri, anamugwedeza kiyiyo, anamumenya pachikhatho, anamupemerera mpweya. Galimoto inangowayang'ana ngati mlendo.

Mayi a mapasa ankayembekeza kuti aseka, koma kuseka sikunabwere. M'maso mwawo munabwera achemwali, ali pakhonde ndi nsapato zawo, akunena kuti, "Musadandaule, ang'ono anga, tipita sabata yamawa." Masiku onsewo kiyi anali m'jombo, pamwamba pa mutu wawo. Mtima unawawa kwambiri.

Anatsegula chikwama, natulutsa kiyi watsopano n'kukanikiza. Magetsi anaphethira, zitseko zinati khotcho! Akapitawo anadumpha, kiyi wa kaulusi n'kugwera pansi.

Mayi a mapasa anakankha zenera.

"Wabwerera, eti? Mulandireni bwino, abambo, wachokera kutali. Achemwali akamva asangalala."

Ulendo uno Akapitawo anaiwala ngakhale kutsokomola. Anatambasula dzanja kuti agwire chitseko cha galimoto.

Mayi a mapasa anakanikiza batani lotsekera, nabwerera pamakina awo.