Vinyo wa m'Siling'i

Foni inalira mayi ali pakhonde, manja ali m'thovu, akulimbana ndi kolala ya shati imene inakana kuyera chigulireni. Ankachapira m'kabeseni kosambitsira khanda, pakuti ndowa zake zikuluzikulu zinali zitalembedwa ntchito ina. Anadzipukuta pasiketi n'kupanikiza foni ndi phewa.

Anali alandilodi, mayi wamasiye amene mzere wonse wa nyumbazo unkawatchula kuti a Malamulo, koma eni ake akakhala palibe.

"Ndikubwera masana ano," anatero osapereka ndi moni womwe. "Ndidzalione ndi maso angawa denga mukundisokosa nalolo."

Mayi anati zikomo, foni n'kuduka. Nyengo yonse ya mvula anakhala akudandaula za chipinda chakumbuyo chimene chinkadontha ngati sefa, mpaka ana anasamuka n'kukapanikizana kuchipinda china. A Malamulo ankangoti tiona. Lero, dzuwa likuswa mtengo, m'pamene aganiza zoona. Ndipo m'chipinda chodonthacho munali mutalowa kale alendo ena.

Mwamuna wake anali dalaivala wa basi, koma msana unamukhazika pakhomo kwa kanthawi. Munthu wozolowera msewu ukamusunga m'nyumba amayamba kuyabwa m'manja. Tsiku lina anaonera pafoni bambo wina wandevu akupanga vinyo wa maapozi m'khitchini mwake, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mawa lake anabwera ndi thumba la maapozi obooka ndi zinanazi zopsa mopitirira, zimene wogulitsa zipatso pamsika ankafuna kutaya. Shuga wa tiyi anatha. Yisiti wa buledi anatha. Ndowa zinapita, zigubu zosungira madzi n'kutsatira.

Vinyo akamawira amatulutsa mpweya, ndiye wandevu uja anali ndi kachipangizo kake koika pakamwa pa botolo. Bambo wa m'nyumba muno analibe. Anatenga magolovesi a labala amene mkazi wake ankachapira, n'kumangirira golovesi pakamwa pa chigubu chilichonse, n'kuboola chala chimodzi ndi singano. Magolovesiwo anafufuma n'kuimirira, zala zili tambasu, ngati ana a sukulu amene akudziwa yankho.

Zikanakhala zoseketsa chikanapanda lamulo. Tsiku limene ankalowa m'nyumbayi, a Malamulo ananena zitatu: galu ayi, msomali pakhoma ayi, koma koposa zonse mowa. Malemu amuna awo anapita ndi mowa, ndipo amene ankakhala m'nyumbayi kale anapeza katundu wake ali pamsewu chifukwa cha kireti imodzi ya mabotolo. Nyumba ina yapafupi ndi sukulu ya ana, yokhala ndi mpopi wakewake, mayi ankadziwa kuti sangaipezenso.

Anamupeza mwamuna wake atagwada m'chipindamo, khutu lili pachigubu.

"Bambo, dzukani. A Malamulo akubwera."

"Shii! Tamverani mmene akuimbira. Wa maapoziyu wafika pokoma."

"Adzakuimbirani bwino tikamagona pansi pa mlatho. Tayani zonsezi."

"Kutaya? Mayi a ana, mukudziwa chimene mukunena? Komanso nditaya kuti? Ndikathira mu ngalande, mzere wonse uledzera ndi fungo lokha."

Pamenepo ananena zoona, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Mayi anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mabotolo apulasitiki a zakumwa, amene ankasungira madzi mpopi ukauma. Anachotsa magolovesi aja, akulira pfuu ngati akudandaula, n'kuyamba kuthira. Vinyoyo anali wamatope, wathovu, akuthetheka ngati mafuta m'chiwaya.

"Musamange kwambiri zotsekerazo," anachonderera bambo. "Sanathe kuwira ameneyu. Afunika azipuma."

"Azipuma? Ine ndinapuma liti m'nyumba muno?"

Anagwira chotsekera chilichonse ndi kansalu n'kupotokola mpaka dzanja kulira. Fungo lisatuluke, basi. Zina zonse zinali za wandevu ndi ophunzira ake.

Tsopano kobisa. Pansi pa bedi ayi, m'kabati ayi. Maso a a Malamulo ankalowa ndi m'poto momwe. Koma mawondo awo anali otupa, sitepe ya pakhonde yokha ankakwera akuitana dzina la Mulungu. Mayi anayang'ana kumwamba, pa kachitseko ka siling'i kam'kolido.

Bambo anakwera patebulo, patebulo n'kuikapo mpando, n'kulowa m'mwambamo ngati mphaka. Msana umene unkakana kunyamula ndowa ya madzi unachira mwadzidzidzi, ndipo mayi anasunga zimenezi mumtima kuti adzazigwiritse ntchito tsiku lina. Ankamupatsira mabotolo, iye n'kumawakankhira kutali ndi chipinda chodontha chija, mpaka pamwamba pa balaza.

"Muno mukutentha ngati mu uvuni," anafuula.

"Ndiye tsikani musanapse."

Mayi anakolopa chipinda chodontha chija ndi mankhwala a kuchimbudzi, anatsegula mawindo, ndowa ndi zigubu anazitsuka n'kuzikwirira pansi pa mulu wa zovala zakuda. Atamaliza anaima pakati pa chipinda n'kununkhiza. Munkamveka ngati kuchipatala. Zinali bwino.

A Malamulo anafika dzuwa lili paliwombo, atavala diresi yoyera ndi duku yoyera, ndodo ili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali bambo wamfupi wa ndevu zapamlomo, pensulo ili kukhutu, makwerero ali paphewa.

"Ndabwera ndi akalipentala," anatero a Malamulo. "Kuti pasakhale zonamizana."

Mayi anayang'ana makwerero, n'kuyang'ana mwamuna wake. Mwamuna wake anayang'ana zala zake zakumapazi.

Analowa m'chipinda muja. A Malamulo anakweza ndodo n'kuloza banga louma la pasiling'i.

"Ndi kameneka? Kabanga aka n'kamene mumandisowetsera nako mtendere? Dengali anakhoma ndi malemu amuna anga, masiku amene anali asanayambe kunjenjemera manja. Silidontha. Mwina ana anu amathira madzi kumwamba. Akalipentala, musavutike n'kukwera komwe."

Mayi anayeza zinthu mumtima. Kalipentala akapanda kukwera, mvula ikubwerayi adzatcheranso mabeseni. Akakwera, adzakatchera mabeseniwo kwina. Anasankha msanga.

"Mwina ndi anadi, amayi. Tiyeni pabalaza mumwe tiyi."

A Malamulo anakhala pampando waukulu wa bambo, pakatikati pa balaza, n'kuyamba ulaliki wa anthu osayamika. Tiyi analibe shuga, koma sanazindikire, pakamwa panali potanganidwa. Kalipentala anakhala pakampando pafupi ndi khomo, kapu ili pabondo.

Phuu!

Siling'i inagwedezeka, fumbi n'kutsika pang'onopang'ono. A Malamulo anagwira pamtima.

"N'chiyani chimenecho?"

"Malata, amayi," anatero mayi, osaphethira. "Akatentha amatero."

"Amatero kumene," anavomera bambo, mawu ali ngati a munthu amene wamva uthenga wa maliro.

A Malamulo anapitiriza pamene analekera. Mayi sankamvanso. Ankayang'ana pamene matabwa awiri a siling'i anakumana, pamwamba penipeni pa duku yoyera ija. Panali patayamba kuda. Kadontho kanatupa, kanalendewera, kanaganiza kaye. Kenako tho! China tho! Duku inachita banga lachikasu.

A Malamulo anakweza nkhope, dontho lachitatu n'kuwapeza pamphumi.

Kunja kunalibe ndi kamtambo komwe. Mayi anaona kuti kuthawa kwatha, ndipo madzi akafika m'khosi bola kusambira.

"Mwaona, amayi?" anatero modekha. "Ndi zimene ndinkanena zija. Likudontha ndi padzuwa pomwe."

A Malamulo anapukuta pamphumi ndi chala n'kuchiika pamphuno. Nkhope inasintha. Ananunkhizanso.

"Fungo ili ndikulidziwa ine. Ndinagona nalo bedi limodzi mpaka imvi. Akalipentala, kwerani!"

Makwerero anatsamira m'kolido, kalipentala n'kuzimiririka m'kachitseko muja. Anamumva akukwawa pamwamba pawo. Kenako zii. Kenako kaphokoso, tsss, tsss, tsss, ngati munthu akuphwetsa matayala a njinga limodzilimodzi. Kenako ziinso, nthawi yaitali kuposa imene munthu amafuna kuti aone denga. Mayi anayamba kuganiza za amene angamubwereke galimoto yosamukira, ndi mmene kabati ija idzatulukire pakhomo.

Kalipentala anatsika chafutambuyo, akupukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja. Anayang'ana bambo, anayang'ana mayi, maso akuwala ngati a mwana amene watola switi pamsewu.

"Mileme, amayi," anatero.

"Mileme?"

"Yadzaza. Imalowera m'mabowo a malata, muli mabowo oti mpaka chibakera chingalowe. Chakudonthaniranicho, mundikhululukire pakamwa, ndi mkodzo wake. Umaunjikana, dzuwa likautentha umasefukira."

"Mkodzo?" anafuula bambo, ataimirira. "Mkodzo umene uja?"

Mayi anamuponda chala ndi chidendene, iye n'kukhalanso pansi.

"Koma ukumveka ngati mowa," anatero a Malamulo, mawu atayamba kuchepa. "Ngati zipatso zowola."

"Mileme imadya zipatso, amayi. Zimakawira m'mimba. Iyi ikuoneka kuti imakonda zinanazi."

"Ina maapozi," anatero bambo, zitangomupulumuka.

A Malamulo anatembenuka. "Inu mukudziwa bwanji?"

"Amakhala pakhomo tsiku lonse, amayi," anayankha mayi. "Anazolowerana nayo."

A Malamulo sanamve n'komwe yankholo. Anali atavula duku n'kuigwira ndi nsonga za zala, patali ndi thupi, pakamwa atapotoza. Anaimirira ndi liwiro limene mawondo awo anali asanalionepo, n'kuchoka pansi pa bangalo.

"M'nyumba mwanga? Zinthu zouluka usiku m'nyumba mwanga? Akalipentala, malata obookawo achoke sabata ino. Siling'i yonyowayi ichokenso. Ndipo inu," analoza mayi ndi ndodo, "bwanji simunanene kuti zafika pamenepa?"

"Tinkaopa kukusokosani, amayi."

"Koma choyamba ndichotse kaye milemeyo," anatero kalipentala. "Imafuna ulemu. Ndibwera ndi thumba madzulo ano, ndiinyamule ndekha. Wina aliyense asakwere m'mwambamo."

"Yonse?" anafunsa bambo ndi kamawu kakang'ono.

"Yonse, bwana. Ndaiona bwinobwino, ndikuidziwa ndi nkhope zomwe."

A Malamulo anatsogola kutuluka, mutu uli pamtunda, akuyang'ana kudenga sitepe iliyonse. Kalipentala anachedwa pakhomo ngati makwerero akodwa.

"Wa zinanaziyo shuga wachuluka," ananong'oneza. "Koma wa maapoziyo, bwana, muli ndi dzanja. Akakhala kanthawi adzagwetsa munthu. Ndamasulako zotsekera. Amene anazimanga chonchija amafuna kuphulitsa nyumba."

Bambo anatembenukira mkazi wake, pakamwa patatseguka kale. Anaona nkhope yake. Anatseka.

Pageti a Malamulo anaima n'kuitana mayi. Anamuponyera duku ija.

"Mundichapire. Ndi mileme yanu."

Atapita, bambo anakakhala pampando wake, n'kudzukanso msanga chifukwa panali ponyowa. Anaima pakati pa balaza akuyang'ana kumwamba.

"Mwamva koma? Akuti ndili ndi dzanja."

"Muli nawo awiri. Tengani chokolopera."

Mayi anabwerera pakhonde. Anafukula ndowa yaikulu pansi pa mulu wa zovala, anainunkhiza, anaitsukanso, n'kuidzaza madzi mpaka pakamwa. Kabeseni ka khanda anakakankhira kumbali ndi phazi. Anavala magolovesi ake, otambasuka ngati masokosi akale, n'kuviika duku ija pamodzi ndi shati. Madzi ozizira analowera pabowo la singano n'kudzaza chala. Anatukwana chamumtima, koma sanavule.

Bambo anasuzumira pakhomo, chokolopera chili m'manja.

"Mayi a ana, ndowa inayo mukuigwiritsa ntchito? Wa zipatso uja amati mawa akhala ndi malalanje ofewa."

Mayi sanadzutse mutu. Anakoka ndowa yachiwiri ija n'kuikhalira, n'kupaka sopo pakolala. Mulu wa zovala unali udakali wofika m'chiuno, ndipo kolalayo inali isanagonje.