Tonde Amene Sanalire

Anthu a kwa Tengani akamakumbuka Clotilda amati anali mkazi wachimasomaso. Zimenezi zimandipsetsa mtima, chifukwa ine ndinalipo. Ndine Veronika. Ine ndi Clotilda tinakwatiwa pakhomo limodzi, iye kwa Jeremiya, ine kwa mkulu wake Elisha.

Chaka chimene azungu ankagwira amuna kuti akasenze katundu wa kunkhondo, Jeremiya anatengedwa. Elisha anapulumukira mwendo wake wotsimphina. Clotilda anatsala ndi kamwana kake kamodzi, Priska, m'manja mwa apongozi athu a Esinala, mayi amene pakamwa pawo sipankapuma. Kwa anthu amenewa mwamuna akalowola, ana ndi a kuchimuna. Mkazi akachimwa amapita yekha, mwana n'kutsala.

Pakhomopo panali katonde kamasiye. Make anagwidwa ndi ng'ona akumwa madzi ku Shire, ndipo Clotilda ndiye anakalera, kukanyambititsa phala pa chala. Tinkamuseka kuti Priska wapeza mlongo wake wa nyanga. Koma tonde ndi tonde. Atakula anayamba kununkha, kuthamangitsa mbuzi za eni, mpaka anathyola mpanda n'kulowa m'munda wa thonje wa anthu oyandikana nafe. Elisha atatopa ndi kupepesa anati basi, athenedwe.

Wothena ziweto kuno anali Lorenso, nkhalamba yochokera ku dziko la Apwitikizi, yokhala ndi mpeni wosulidwa ku khasu lakutha. Ntchito yake inali kucheka, kukoka, kuthira phulusa. Lamulo lake linali limodzi: wogwira chiweto akhale wozizira, ndiye kuti munthu amene sanagone ndi mwamuna kapena mkazi masiku amenewo, kuopa kuti bala lingavute. Pakhomo pathu wozizira anali ndani kuposa mkazi amene mwamuna wake anachoka chaka chathunthu chapitacho? Anasankha Clotilda kuti agwire kumutu, apongozi kumiyendo.

Amene sanamvepo mbuzi ikuthenedwa asatsutse. Imalira ngati munthu, lilime panja, ndipo kulirako kumakutsatira mpaka kudambo. Clotilda ankadziwa zimenezi. Lorenso atabwera kudzaona tondeyo, Clotilda anagwada pambali.

"Baba, kodi palibe kamtengo koti amwe, asamve kuwawa?"

Lorenso anaseka mpaka kutsokomola. "Make Priska, mbuzi ndi mbuzi. Ukayamba kuimvera chisoni, ndiwo udzadya masamba okhaokha."

Koma mnzangayu anali ndi mtima wofewa ndi mutu wouma, zinthu ziwiri zimene siziyenera kukhala mwa munthu mmodzi. Anali ataonapo bambo ake akumwetsedwa kachasu asanawazule dzino. Tsono masana amenewo anagwira nkhuku yake yathadzi, osauza munthu, n'kulowa nayo m'mabango momwe Hilario ankatchezera kachasu wa masau mobisalira amesenjala a boma. Hilarioyo anali mbeta yamwamuna. Clotilda anapita yekha, n'kubwerako ndi chikho chodzaza atachiphimba ndi nsalu.

M'mawa mwake anathira chikho chonsecho m'madeya a mapira. Tonde anadya n'kunyambita mbale. Pamene Lorenso ankanola mpeni pamwala, tondeyo anali akudzandira, ndipo anagona pansi asanamugwetse n'komwe. Clotilda anaika mutu wa tondeyo pamiyendo, akumusisita kumakutu.

Mpeni unalowa. Tonde anangofwenthera pang'ono, zii. Lorenso anaima, n'kuyang'ana apongozi. Anacheka kwinako, kukoka, kuthira phulusa. Munthu amene wamva kulira komweko kwa zaka makumi atatu, bata limamuopsa.

"Awa ndi malodza," anatero a Esinala.

Clotilda yekha ndiye ankamwetulira. Ndimakumbukabe nkhope yake, ndipo zimandipweteka.

Mbuzi ikathenedwa imadzuka n'kuyenda motang'adza kukafuna mthunzi. Uyu sanadzuke. Anagona chammbali, dzuwa la kuchigwa kuno likumuwamba, mimba ikufufuma mpaka inalimba ngati ng'oma. Tinamukokera pansi pa mtengo, tinamuthira madzi, koma ayi. Dzuwa litapendeka anatulutsa thovu kukamwa n'kuuma.

Anthu anali atasonkhana. Lorenso anapukuta mpeni wake n'kuyankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mpeni wangawu sunaphepo chiweto. Pagwira munthu wotentha apa."

Apongozi athu anali nkhalamba yamasiye. Maso onse anatembenukira kwa Clotilda.

"Iyayi, mai!" anakuwa. "Ndine ndalakwa, koma si zimenezo. Ndinamupatsa kachasu kuti asamve mpeni."

"Kachasu?" anafunsa a Esinala mofatsa, ndipo akafatsa choncho tinkadziwa kuti kwaipa. "Unamutenga kuti, mwananga?"

"Kwa Hilario."

"Unapita ndi yani?"

"Ndekha."

Akanakhala chete mwina zikanathera pa manong'onong'o. Choonadi chake ndicho chinamumanga. Amayi awiri ochokera kotunga madzi anakumbukira pomwepo kuti anamuona akutuluka m'mabango akukonza nsalu. Anaitanitsa Hilario. Mwamuna wamanthayo, poopa ndende ya boma, analumbira kuti chibadwire sanatchezepo kachasu, ndipo nkhuku sakuidziwa. Tsono ngati kulibe kachasu, mkazi wa mwini ankafunako chiyani kumabango?

Abale a Jeremiya anakhala pansi masiku awiri. Anagamula kuti Clotilda abwerere kwawo kufupi ndi Chiromo, Priska atsale. Ine ndinayesa kunena kuti fungo la mowa ndinalimva ndithu m'madeya muja. Elisha anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nawenso ukufuna ulendo?" Ndinali ndi ana atatu. Ndinatseka pakamwa, ndipo sindinadzikhululukire.

Tsiku lochoka apongozi anatenga Priska n'kupita naye kumunda mbandakucha, kuti pasakhale zolirana. Clotilda ndinamuperekeza ndine ndekha, nditamusenzera mtolo wake. Titadutsa minda ya mapira tinapeza Lorenso atakhala pachitsa m'mbali mwa njira, ngati wakhala akutidikira.

"Make Priska," anatero osatiyang'ana, "mbuzi ija ndinasenda ndine. Nditang'amba chifu, fungo la masau linandimenya m'mphuno. Unanena zoona."

Clotilda anagwa pansi n'kumugwira mapazi.

"Takhuta, baba, zikomo! Tiyeni tsono mukanene. Akumverani inuyo. Mwana wanga, baba."

"Nkhabe, sindingathe." Anachotsa mapazi ake pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi, chiweto chikandifera, mawu anga akhala omwewo, akuti pagwira wotentha. Alipo akazi ena anamenyedwa chifukwa cha mawu amenewo. Ndikakawabweza lero, amuna awo adzandifunsa za nkhumba ya uje ndi mbuzi ya uje. Ndakalamba, mwana wanga. Ndilibe kothawira."

"Nanga mwatiimikiranji?" ndinakalipa ine, ulemu wonse utandithera.

Nkhalambayo inakanda pansi ndi ndodo.

"Ndimafuna ndidziwe muyeso. Kulira kuja nanenso kunanditopetsa kalekale, ndimakumva ngakhale ndikudya. Tonde uja sanamve kanthu, ndinaona ndekha. Unangochulutsa. Chinali chikho chotani?"

Ndinkayembekeza kuti Clotilda amulavulira. Koma anadzuka, anasansa fumbi m'maondo, n'kupinda manja ake awiri kumuonetsa kukula kwa chikhocho.

"Chodzaza," anatero. "Muziwapatsa theka. Ndipo musawasiye padzuwa."

Anatenga mtolo pamutu panga n'kuuika pake. Anandiuza kuti Priska sagona akapanda kumukanda kumsana, kenaka anapitiriza ulendo osacheuka.

Jeremiya sanabwerere, ndipo palibe anatiuza komwe anagwera. Chaka chotsatira kunabwera chimfine chija chinatha anthu, ndipo uthenga unafika kuchokera ku Chiromo kuti Clotilda anaikidwa m'dzenje limodzi ndi anthu ena anayi. Priska anali asanamuonenso. Apongozi anamuuza mwanayo kuti amake anathawa ndi mwamuna, ndipo anakula akuchita manyazi ndi dzina lawo.

Lorenso anakhalabe ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ankabwera ndi kansupa ka kachasu m'thumba, n'kupempha kuti amusiye yekha ndi chiweto kanthawi asanayambe ntchito. Mbuzi za kwa Tengani zinaleka kulira kwambiri, ndipo anthu ankachokera kutali kudzamuitana. Ankati mdalayo wakalamba ndi dzanja lofewa.