Matabwa a bokosi la a Inocencio

Honest anatsika pa makwerero ali chimanjamanja, kangaude ali m'tsitsi. Matabwa asanu ndi limodzi a mkungudza, amene bambo ake, a Inocencio, anasunga kudenga zaka khumi kuti adzakhomere bokosi lawo, kunalibe. Eni akewo anali atatsikira kuli chete m'mawa womwewo, mwambo wa maliro mawa, kalipentala ali pakhonde kunola sowo.

Matabwawo ankadziwika mudzi wonse. Malemuwo ankawapukuta chaka ndi chaka, n'kumati moyo wonse agonera mphasa koma kumanda adzapita ngati bwana wa esiteti.

Joice, mlongo wake wa Honest, anayamba kutchula amene angakhale ataba, kuyambira alamu ake enieni. Mayi awo, a Esperanca, anangovala masilipasi n'kuwauza kuti awatsate.

Anakaima pa mlatho wopita kumsika. Mayiwo anati zaka zonsezi anali pamitala ndi mlathowu. Amuna awo atangofika kuthawa nkhondo ku Mozambique anagonekapo mabulugamu awiri. Kenako a pulojekiti anaika zitsulo. Namondwe Freddy atakokolola matabwa a pakati, akuluakulu anabwera, kujambula zithunzi, n'kumapita. Tsiku lina anthu anangopeza mpatawo watsekedwa, ndipo poti panalibe wopempha ndalama, panalibenso wofunsa.

Honest anagwada n'kununkhiza. Mkungudza. Anasuzumira kunsi n'kuona zolemba za pensulo za bambo ake: thabwa ili "kumutu", linalo "kumiyendo".

"Tizule, amayi. Ndi awo amenewa."

"Zula, mwanawe. Koma manda ali tsidya ilo. Mawa mudzaoloka nawo chosambira?"

Joice anaseka, kenako anakumbuka kuti ndi namfedwa.

Kalipentala anazula chitseko cha nyumba n'kuphwasula tebulo. Bokosi linatuluka lobiriwira mbali imodzi, pachivindikiro pali bowo la kiyi. Azibambo a mpingo ankaliyang'ana mozemba, wina nanong'ona kuti mkuluyu adzakhala akusuzumira.

M'mawa mwake anthu anaoloka akuimba, matabwa aja osalira n'komwe. A Esperanca anatsalira m'mbuyo. Pakati pa mlatho anagunda thabwa kawiri ndi chidendene, monga ankachitira amuna awo nthawi zonse akamadutsa, ndipo anamva msomali umodzi ukugwedera. Anayang'ana uku ndi uku, natola mwala.